Azamba ndi Mtambo Woyembekezera

Azamba sankagwira chithunzi cha nyenyezi asanasambe m'manja. Aliyense mumsewu muja ankadziwa zimenezi, koma amene anazilawa kwenikweni ndi a Kamera, eni kashopu kojambulira zithunzi, poti sopo amene ankatha anali wawo.

Zinayamba Azamba atangopuma ntchito kuchipatala, kumene anabadwitsa theka la tauni, a Kamerawo ali momwemo. Anabwera kudzajambulitsa kachithunzi ka chiphaso, n'kuona pakompyuta chimtambo chofiira psuu.

"Kodi kukupsa kuti uku, mwanawe?"

"Si moto, amayi. Ndi mtambo wa fumbi ndi mpweya, mumlalang'amba woyandikana ndi wathuwu. Aujambula ndi telesikopu, makina oonera zakuthambo aja. Akuti nyenyezi zimabadwira mmenemo."

"Zimabadwira?" Azamba anaika chikwama pansi. "Nanga akuyang'anira ndani?"

A Kamera anaseka, osadziwa kuti aziputa.

Kuyambira tsikulo, akatswiri akangotulutsa chithunzi chatsopano cha mtambowo, a Kamera ankachisindikiza, Azamba n'kusamba mpaka m'zigongono, kuvala magalasi, n'kuyamba kuyendera wodi yawo. Nyenyezi zowala kale analibe nazo ntchito. "Awa ndi akuluakulu, adzionera okha." Mtima wawo unali pa kachotupa kakuda pakona ya mtambo, kamene ankati ndi mimba yoyamba.

Makasitomala anaona zakuda. Mkwati wina atayetsemula pafupi ndi chithunzicho anapirikitsidwa, mkwatibwi n'kujambulidwa yekha. Wina atafunsa mwachipongwe kuti bambo wa mwanayo ndani, Azamba anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Funso limenelo m'wodi sitifunsa. Limathyoletsa mipando."

A Kamera atatopa anakawerenga, n'kubwera ndi nkhani yoti iwamasule. "Amayi, mimba imeneyi akuti imatenga zaka zikwi mazanamazana. Komanso kuwala tikuonaku kunanyamuka kalekale. Mwina mwanayo anabadwa kale, ali ndi imvi."

"Uthenga kuchedwa ndiye kuti ndinyamule chikwama ndizipita? Iwenso unachedwa, n'kutulukanso motsogoza miyendo. Tinakusiya?"

A Kamera anangopita kukagula sopo wina.

Kenako miyendo ya Azamba inakana, thupi n'kutsatira. Mwana wawo wamkazi anafika kushopu maso ali ofiira. "Achimwene, amayi akuvutika, koma akukana kupuma. Akuti mzamba sachoka pa shifiti asanapereke wodwala m'manja mwa mnzake. Tayesa tonse, atikana. Ine ndiye ndinagwira chithunzi chozondoka."

A Kamera anatseka shopu masana dzuwa likuswa mtengo, n'kunyamula chithunzi chomaliza kupita nacho kwa Azamba.

"Wasamba?" anafunsa Azamba, mawu akumveka kutali.

"Ndasamba, amayi."

"Ndionetse wodwala."

A Kamera analoza kachotupa kaja osaphonya.

"Ali bwanji?"

"Chimodzimodzi. Matenda sanayambe."

"Usamufulumizitse. Akadzachira, usathamangire kuuza anthu. Udzayambe waona ngati mwana akupuma."

"Koma amayi, nthawi imeneyo inenso ndidzakhala nditapita kalekale."

"Ndiye upeze wokulandira. Ukuganiza kuti ine pano ndikuchita chiyani?"

Anatembenukira kukhoma n'kugona tulo tabwino, ndipo sanadzukenso.

Masiku ano mumsewu muja muli zii. Akwati amayetsemula mmene afunira, ndipo palibe wowakumbutsa mmene anabadwira. A Kamera amavomera okha kuti amawasowa amayi aja, ngakhale pa nkhani ya mtambo amati zonsezo zinali zamisala. Koma chithunzi chatsopano chikatuluka amapinda malaya, kusamba mpaka m'zigongono, n'kuyang'ana pakona paja. Palibe chasintha. Ndipo munthu aliyense wolowa m'shopumo, asanamufunse chimene wabwerera, amayamba amuyang'ana m'manja.