Makina Omeza Utuchi

Lolemba

Tchuthi chayamba. Sabata yathunthu osaona ofesi, osadinda pepala la munthu.

M'mawa Amake Tisa apeza utuchi mu shuga. Shuga amene anamuimira pamzere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo. Sakukalipa. Angoika mbale ija patsogolo panga ndi supuni yake.

Nkhani ndi ya garaja. Galimoto inafa kalekale, ili panja pa njerwa kudikira masipeya amene dziko lonse likudikira. Ndiye ndinalowetsamo benchi, sowo yamagetsi ndi zipangizo zimene anandisiyira malemu bambo. Ndikaweruka ndimapala matabwa mmenemo. M'nyumba yonseyi ndi malo okhawo amene munthu sandifunsa kanthu. Vuto ndi lakuti chitseko chamkati chimatulukira kukhitchini, ndipo fumbi siligogoda.

Iwo garajayo akufuna asungemo nkhuku. Kwathu kuno ku Chelstone, mu Lusaka, nyumba iliyonse mukulira anapiye masiku ano, ngakhale kwa ahedi.

Chigamulo chagwa: Lamlungu tikachoka kutchalitchi adzayendetsa chala pa kabati ya pabalaza. Chala chikatuluka choyera, garaja ndi yanga. Chikatuluka ndi fumbi, nkhuku.

"Sinifuna nkhondo, Atate Tisa. Nifuna chabe shuga ilibe mapulanga."

Ndavomera. Ndipanga makina omeza utuchi. Ndinawaonapo pafakitale ina ya mipando, palibe chozizwitsa: mphepo ikoka fumbi, fumbi ligwera mumgolo, mphepo ituluka yokha. Zofunika:

mgolo
mota
fani ndi lamba wake
mapaipi
thumba losefera mphepo

Fani ndi lamba ndazichotsa kale m'galimoto. Tsono nayonso yagwirako ntchito chaka chino.

Lachiwiri

M'tauni. Masitolo a zitsulo mashelefu ali mbee. Paipi kulibe. Mota kulibe. Wogulitsa wina sakudzutsa n'komwe mutu panyuzipepala: "Bwelani mailo." Ndiye kuti mawa. Mawu omwewo anandiuza chaka chatha pofuna misomali.

Ndaona mzere wautali, ndaimapo osafunsa. Ndatulukapo ndi sopo. Si zimene ndinadzera, koma sopo sakanidwa.

Masana ku Heavy Industrial Area, kwa Ba Mulenga, wowotcherera zitsulo amene timapemphera naye. Kuseri kwa shedi yawo kuli chilichonse chimene chinafa mu Lusaka muno. Andipezera mota yochokera m'makina okandira buledi.

"Iyi mota, mudala, ili na mphamvu maningi. Ingameze na mbuzi."

Mgolo wapezekanso. Munkakhala manyuchi, fungo lake silinathe. Akuti lidzatha lokha.

Mwini vani wanditsitsa pamsewu waukulu, akuti kwathu kuli maenje. Ndagubuduza mgolo mpaka pageti, mota ili paphewa. Msewu wonse watuluka kudzaonerera. Amuna ena akununkhiza m'mwamba, akuyang'anana.

Lachitatu

Tsiku lolumikiza. Paipi ndachotsa ija yotsitsa madzi a padenga kuseri kwa nyumba. Mvula ili kutali. Polumikizira ponse ndamanga ndi malegeni, ndamaliza chubu chathunthu cha njinga. Fani ili pachivundikiro cha mgolo, mota pambali, lamba pakati pawo. Lambayu ndi wokalamba, wakhwepa pang'ono.

Thumba losefera kulibe. Ndapempha pilokesi kwa Amake Tisa, andiyang'ana basi. Ndatenga thalauzi la suti yanga ya ukwati, silindikwana kale. Miyendo ndaimanga mfundo, chiuno ndachimangirira kukamwa kwa fani, ndalitulutsira pawindo.

Kuyatsa koyamba: phuu! Magetsi nyumba yonse thii. Nyemba zinali pasitovu. Amake Tisa akukoleza mbaula panja, akuimba nyimbo ya kumaliro motsitsa.

Ndaika waya wonenepa pa fyuzi.

Kuyatsa kwachiwiri: akugwira! Akumeza! Utuchi wa pabenchi ukuthamangira mupaipi wokha. Ameza ndi pensulo yanga yomwe, ndinangoiika pansi kamphindi. Kunja kwa windo thalauzi lija laima njo, miyendo m'mwamba, lonenepa kuposa mmene mwini wake ananenepera chibadwire.

Ndasangalala, sindibisa. Ndaitana Amake Tisa kuti aone. Ayang'ana thalauzi nthawi yaitali.

"Pa ukwati sinalikuoneka so."

Lachinayi

Anthu amene sanandipatsepo moni chisamukire muno lero akundifunsa za ana. Wina waima pageti ndi botolo lopanda kanthu m'thumba la jekete, akuti amangodutsa. Sindikumvetsa.

Chakumasana ndamvetsa. Afika Ba Cheyamani a chipani m'dera lathu lino, suti yakuda, akuti ali paulendo wa kumsonkhano.

"Shani, bakalamba? Tamvela kuti mwatsegula ka fakitale kuno. Dilamu, mapaipi, ka fungo..."

Kachasu! Msewu wonse ukuganiza kuti ndikutcheza kachasu. Ine, msungichuma wa kwaya.

Afunsa kadi ya chipani. Ndawaonetsa. Anunkhiza mgolo, atseka maso. Ndafotokoza za mphepo ndi fumbi, sakukhulupirira. Ndati aone okha. Ndayatsa, ndadula thabwa la mukwa kuti utuchi uchuluke. Iwo azungulira panja kukasuzumira thalauzi, mwina akuganiza kuti ndi kumene zimadonthera.

Mfundo ya mwendo wakumanzere yamasuka.

Suti yakuda tsopano ndi yofiirira, nsidze zomwe. Ayetsemula, ayetsemulanso, afufuza mpango, m'thumba mwatuluka botolo. Nalonso lopanda kanthu. Tonse awiri tachita ngati sitinalione.

Ndikuona kuti za suti sizinawapweteke kwambiri. Chawakhumudwitsa ndi chakuti ndimanena zoona.

Lamulo lawo pochoka: thalauzi lisaonekenso kumsewu, likuchotsa ulemu wa dera. Ndalilowetsa mkati.

Lachisanu

Ndamanga mfundo ziwiriziwiri ndi waya. Lero ndi tsiku loyeretsa. Ndayendetsa paipi paliponse:

pansi pa benchi
pamwamba pa mitanda ya denga
kuseri kwa matabwa
m'mabokosi amene sindinatsegule chimwalirire bambo

Utuchi wa zaka zonse walowa mumgolo, mgolo watsala pang'ono kudzaza. Simenti ya pansi ndaiona koyamba, kani ndi yofiira. Mawa ndikataya zonse kudzala.

Njuchi zayamba kubwera chifukwa cha manyuchi. Sizikuluma, zikungoyendera ntchito.

Amake Tisa alowa, ayang'ana uku ndi uku, afunsa ngati babu la pamwamba pa benchi lingatsike kufika pafupi ndi pansi. Ndati lingatsike, bwanji? Akuti amangofunsa. Kukhitchini ndaona katoni yoboolaboola m'mbali. Amangoisunga, akutero.

Madzulo apukuta okha kabati ya pabalaza mpaka kuwala, akuti mlandu uyambire poyera. Chilungamo ali nacho mayiyu, n'chimene chimandiopsa.

Lamba wayamba kulira, akuterereka. Fani ikuzungulira mwaulesi. Ndathamangira kwa Ba Mulenga.

"Lamba yanyowani? Mu Lusaka muno? Awe mudala, pemphelani chabe."

Loweruka

Lamba wakhwepa zedi, akugwa yekha. Kumufupikitsa sikutheka. Mota ndinaikhomera pathabwa ndi misomali yanga yomaliza, kuisuntha ndiye kuiwononga misomaliyo.

Nzeru yabwera ndikumwa tiyi. Ndamupotokola lamba pakati, wapingasa ngati nambala eyiti. Wakungika gwa! Palibe wandiphunzitsa. Bambo akanaona akananyadira.

Za kutaya utuchi ndati zidikire, ndiyambe ndaonetsa anthu.

Ndaitana Amake Tisa. Atsegula chitseko cha kukhitchini, aima pakhomo, bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi ili pamkono, angoisita kumene. Kumbuyo kwawo chitseko cha pabalaza chili chotsegula. Paipi ndainyamula m'manja ngati mfuti, yaloza komweko.

Ndayatsa.

Thalauzi, m'malo mofufuma, lafwaphira, lamamatira kukamwa kwa fani. Ndaima ndikudabwa: bwanji lero laonda?

Lamba wopingasa amazunguza fani chobwerera. Izi ndazikumbukira mochedwa.

Mgolo wonse watulukira mupaipi. Wonse! Kuli chimtambo chofiira, sindikuona dzanja langa, sindikuona swichi, njuchi zili pakati pomwepo zasokonezeka mitu. Ndaponya paipi pansi, yayamba kudzigwedeza yokha, ikumwaza mbali zonse. Penapake mumtambomo mukumveka mawu odekha: "Zimyani."

Ndazimitsa pozula waya kukhoma.

Zimene zalandira utuchi:

shuga, ufa, mchere
bulauzi
sopo wa Lachiwiri
wailesi
chithunzi cha ukwati
mphaka
kabati

Pensulo yabwerera. Ndaipeza m'sinki.

Takhala tikusesa m'nyumba mpaka dzuwa kulowa, koma fumbi lili m'mwamba, likutsika pang'onopang'ono pa nthawi yake. Upukuta apa, utembenuka, labwerera. Nditatenga tsache kuti ndikayambe m'garaja, Amake Tisa andigwira mkono.

"Uko musapyange. Siyani chabe."

Ndaganiza kuti andimvera chisoni.

Lamlungu

Kutchalitchi ndatsegula buku la nyimbo, mwagwa utuchi. Ba Mulenga andifunsa ndi maso kuchokera kubenchi ina. Ndayang'ana kuguwa.

Kunyumba ndati za chala tisavutike nazo, zaoneka kale. Amake Tisa akana, akuti pangano ndi pangano. Ayendetsa chala pa kabati, chasiya msewu. Andionetsa. Ndagwedeza mutu.

Kenako alowa m'garaja, agwada, azika chala chomwecho mu utuchi wa pansi. Chalowa chonse. Ayesa pakona, ayesa pakati, ayesa pakhomo. Paliponse chimodzimodzi.

"Mwayala bwino maningi. Anzanga amachita kugula ku ma fakitale."

Anena mochokera pansi pa mtima, si chipongwe. Chikanakhala chipongwe bwenzi zili bwinoko.

Masana mnzawo wa kuchigwirizano wafika ndi anapiye m'katoni ija. Kani anawaitanitsa sabata yatha. Babu latsika, ndalitsitsa ndine. Anapiye akuyendayenda pamene panali benchi, akupalasa, akuoneka kuti malo awakonda.

Benchi ili pansi pa mtengo wa mango. Zipangizo za bambo ndazipaka mafuta, ndazitsekera m'thiranki pansi pa bedi. Potulutsa benchi paja zandiwawa, ndakhala kaye m'galimoto ija kwa kanthawi, mawindo otseka. Palibe wandifunsa kanthu.

Ba Cheyamani atumiza uthenga wopempha mgolo ndi mapaipi, akuti pali ntchito ya chitukuko. Atenge.

Mawa ofesi. Amake Tisa akuti ntchito ya matabwa ndisaisiye, luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo anapiye amafuna utuchi watsopano sabata iliyonse. Koma ndizipala paini. Wa mukwa akuti umawatsokomoletsa.