Chaka Chimene Ndinaletsa Moni pa Wailesi

Sekani ndithu, koma amene akuti ndikunama aimirire apa anditchulire munthu wina m'Lichinga muno amene anaseweretsapo bawo anthu a m'maboma asanu ndi awiri nthawi imodzi, wina osaona nkhope ya mnzake. Inu mumadzazana pakhonde langa kuno ku Sanjala, maso pa masewera a m'mafoni, n'kumalira kuti seva ikuchedwa, mdani wakuwomberani musanamuone. Seva yoyamba ya Niassa yense ndi ine ndakhala panone, wallahi.

Inali nthawi ya nkhondo ija ya tokhatokha, misewu itatsekeka. Ine ndinkagwira wailesi ya ku ofesi, yolankhulirana ndi maboma, ndipo achimwene anga a Saidi ankagwira ina ku Mavago, kumene sikunkafika kalata kapena galimoto. Masana shefe, bwana wa ofesiyo, akapita kukadya tinkakhala ndi ola limodzi lathulathu, ndiye ndinayambitsa bawo la pa wailesi kuti tsiku lililonse ndizidziwa kuti achimwene akadali moyo. Chifukwa chake chinali chimenecho basi. Koma a ku Cuamba anamva, a ku Marrupa anamva, a ku Metangula nawonso akuti tiikeni, mpaka ndinakumba mabawo khumi ndi awiri kuseri kwa ofesi, nyemba m'malo mwa nkhomo, munthu akatchula dzenje lake ine n'kumamuyendetsera ndi manja ndi mapazi omwe, pakamwa ndikuuza mnzake zimene zamuonekera.

Koma kuchedwa kwake! Mawu ochokera ku Cuamba ankakwera phiri ali wefuwefu, akafika kuno n'kupeza chisanu cha Juni, n'kuuma gwa pa waya, moti ine ndinkakwera padenga ndi lichero kukawathyola, kuwawotha pa mbaula mpaka asungunuke, ndiye n'kumva kuti "dzenje lachinayi, kumanzere," mwini mawuwo atameta kale ndevu kawiri, ndipo tsiku lina mawu a ku Metangula anawombana ndi a ku Marrupa pamwamba pa nyumba za ku Namacula, n'kugwa, n'kupha tambala wa mayi wina amene sanandiyankhulenso mpaka imfa yake. Mukumva?

Ndinayamba kukonza. Waya ndinakaumanga kunsonga kwa mtengo wa paini wautali mwakuti mitambo inkachita kuulambalala. Mabatire atatha ndinabweretsa matumba a mbatatesi kuchokera ku Lulimile, kukhoma misomali m'mbatatesi iliyonse, kulumikiza, wailesi n'kubangula ngati ng'ombe, ndipo mbatatesi zimenezo, titaziphika pambuyo pake, iliyonse ikapsa inkanena mumphika kuti "kambiyo," mawu aja otsekera kulankhula pa wailesi. Komabe ola linkatha masewera asanafike ngakhale pakati.

Ndiye tsiku lina ndinapinda manja n'kungomvetsera, ndipo mbala ndinaigwira. Inali moni. Mumatidziwa ife. Munthu asanatchule dzenje ayambe wapereka salamu aleikumu, mwaswera bwanji, kaya ana, kaya amayi mwendo uja, kaya mvula kumeneko, nyemba zamera, mnzake ayankhe zonsezo n'kubwezanso, wa Chiyao abwereze m'Chiyao, wophunzira aonjezere za Chipwitikizi, ndipo achimwene anga ndiwo anali katswiri, ankafunsa ngakhale za mbuzi yanga imene tinadya kalekale. Theka la ola linkathera pamenepo.

Ndinaika lamulo: palibe moni. Dzenje, mbali, kambiyo. Anang'ung'udza, koma masewera anathamanga. Nditaona kukoma kwake ndinaletsanso mawu enieniwo, chifukwa mawu amadya mbatatesi. Munthu azingodina batani la wailesi: katatu ndiye dzenje lachitatu, kudina kotalika ndiye kumanja. Aliyense ndinamupatsa mphindi yake, wolankhula ndinkamudula.

Abale inu, liwiro lake! Yankho linkafika funso lisananyamuke, mkulu wina wa ku Marrupa anadyedwa nkhomo zonse asanakhale n'komwe pampando, nyemba za m'maenje zinkakazingika zokha ndi kuthamanga, ola limodzi lija tinkaseweramo masewera a mwezi wathunthu n'kutsalako nthawi yoti ndiwodzere, ndipo tsiku lina tinamaliza masewera a Lachisanu likadali Lachitatu, mpaka shehe anabwera kudzandipempha kuti ndichepetseko, anthu asokonezeka tsiku la mapemphero a Juma. Mukumva? Palibe makina anu alionse amene anafikapo pamenepo.

Ku Mavago batani linkalira tsiku ndi tsiku, mtima wanga n'kukhala m'malo. Chinandisangalatsanso n'chakuti achimwene, amene kale ankasewera mwaphuma, kungoona nkhomo n'kulumphira, tsopano anasanduka wodekha, wotchera misampha, n'kuyamba kugonjetsa maboma onse. Ndinkadzitama m'tauni monse kuti njira yanga yawanola nzeru.

Patapita miyezi inayi, magalimoto operekezedwa ndi asilikali anatulukira kuchokera ku Mavago. Ndinathamangira kumeneko nditavala malaya atsopano. Anatsika alamu anga, Abiti Ali, akazi a achimwene, ndi kamtolo kamodzi pamutu. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo, sikunatsikenso wina.

"Alamu, achimwene atsalira?"

Anatula kamtolo kaja pansi. "Achimwene anu tinaika m'manda nthawi yokolola nyemba. Malungo, mankhwala kunalibe."

"Nanga amene amadina batani ndani?"

"Ndine. Bawo ndinaphunzira kwa bambo anga."

Ndinakalipa, pamaso pa anthu, kuti bwanji osandiuza, mayi wouma mtima iwe, miyezi yonseyi ine ndikusewera ndi manda. Iwo sanakweze mawu.

"Ndinayesa kawiri, alamu. Ndinangoti salamu aleikumu, inu munati palibe moni, dzenje lanu, n'kundidula. Ndiye ndinkadina, kuti mwina tsiku lina mudzafunsa kuti tadzuka bwanji."

Za mbatatesi zolankhula mukhoza kutsutsa, ndikakhuta bwino nanenso ndimazikayikira. Za tambala uja mwina anafa ndi chitopa. Koma mawu a alamu anga aja pa wailesi ndimawakumbukira, kawiri konse, ndipo ndikukumbukira kuti ndinakondwa ndi mmene ndinawadulira msanga, osataya ngakhale kamphindi. Ndinayambitsa masewera onse aja kuti ndizimva ngati mbale wanga ali moyo, ndipo ndinawakonza bwino kwambiri mwakuti anamwalira ine osamva. Sadaka yake ya masiku makumi anayi inadutsa ine ndili kuseri kwa ofesi, chogwada, ndikumuyendetsera nyemba.