Mapenenga a pa Khonde

Anzanga angapo mwakhala mukundifunsa zimene zinachitika ku msonkhano uja wa pa boma, poti nkhaniyi yafika kale ku Mwenilondo itamera nyanga ndi mchira. Ndi bwino muimve kwa mwiniwake.

Mukudziwa kuti malemu amake Lusayo ankakonda kujambula nyimbo pa foni. Akapita ku ukwati ku Ngara, kumaliro, kapena kokolola mpunga, ankabwera ndi nyimbo za amayi, zina zoti ana a masiku ano sanazimvepo. Chimwalirireni, foniyo ndinkangoitchaja n'kuibwezera m'kabati. Sindinkatha kutsegula ngakhale nyimbo imodzi, chifukwa pafupifupi mu iliyonse muli mawu awo. Koma batire linayamba kufufuma, ndipo mwana wanga Lusayo anandichenjeza kuti tsiku lina foniyo idzazima ndi zonse zili m'katimo.

Nditamva kuti kukubwera anthu ophunzira amene amagwiritsa ntchito makompyuta posunga mbiri, zilankhulo ndi nyimbo, ndinati mwayi ndi umenewu. Cholinga changa chinali chaching'ono: ndipeze wondithandiza kusunga nyimbozo, ndibwerere kunyumba osagwetsa msozi pagulu. Basi.

Munthu amene anakhalapo hedimasitala amaudziwa msonkhano. Ndinasita suti, ndinamanga tayi, mwezi wa Okutobala, ku Karonga kuno! Ndinalembanso zoyankhula zanga. Nditalowa mu holo ndinapeza anthu a masikipa ndi mapatapata, malaputopu ali pamiyendo, mipando itazungulira ngati pabwalo la gule. Kutsogolo kunali tebulo limodzi lokha loyalidwa nsalu yoyera. Nanga wa tayi akakhala pati? Ndinakhala pomwepo.

Posakhalitsa panabwera makapu. Kenako mafulasiki. Kenako mandasi, n'kundiikira patsogolo penipeni. Ndisanaganize zosamuka, bambo wina wa dziko loyandikana nalo, wochokera kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, anatambasula kapu yake nati, "Mzee, shuga pang'ono tu." Ndinamuthirira. Inu mukanatani? Ndinathirira tiyi mzere wonse, mpaka mtsikana amene ankayendetsa zinthu, dzina lake Tusekile, anabwera kudzandiwombola.

"Adada, mwabwera ku msonkhano kapena ndinu a pamalo pano?"

"Ku msonkhano, mama. Mlendo wolemekezeka afika nthawi yanji?"

"Kulibe."

"Nanga pulogalamu?"

"Tipanga tonse pompano."

Anafotokoza kuti aliyense alembe pa kapepala chimene akufuna kukambirana kapena kuphunzira, akamate pakhoma, anthu asankhe okha kopita. Palibe wamkulu, palibe wowerengera anzake. Ndipo lamulo lalikulu ndi la miyendo: ukaona kuti pamene wakhala sukuphunzirapo kanthu ndiponso sukuthandizapo, nyamuka upite pagulu lina, palibe wokwiya. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati amenewo ndi mawu chabe. Ndani anganyamuke munthu wamkulu akulankhula?

Pa kapepala kanga ndinalemba kuti "Nyimbo za m'foni yakale", ndipo anthu anabwera ambiri ndithu pangodya imene anandipatsa. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, n'kuyamba: "Wapampando, alendo olemekezeka, amayi ndi abambo." Mbiri ya Ankhonde ndinaiyambira kutali, kuti amvetse bwino. Ndisanayandikire n'komwe pa nyimbo, mmodzi ananyamuka. Wina anatsatira. Enanso anatuluka pamodzi, akundimwetulira mwaulemu. Uhedi unandibwerera osauitana.

"Kodi belu lalira?" ndinafunsa.

Mayi wina, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi pulofesa, anangoloza miyendo yake n'kumapita.

Tusekile anandinong'oneza: "Adada, tiyeni tingomva nyimbo. Anthu akufuna mawuwo kuti agwire nawo ntchito."

Apa ndiye ndinali wokonzeka. Poyang'ana mayina a nyimbozo kunyumba, ndinali nditaona imodzi yolembedwa kuti Mapenenga. Ndinadziyamikira nzeru. Mapenenga ndi gule wa amuna, ng'oma ndi malipenga a zipanda basi. Mawu a amake Lusayo sangakhalemo, msozi sungandipeze. Sindinali nditaimvetserapo, koma zimenezo sizinandiletse kuitamanda.

"Awa ndi mapenenga enieni, osati a masiku ano," ndinatero. "Mumve mphamvu ya mpweya wa anthu akale."

Tusekile analumikiza foni ku laputopu ndi ku sipika, pakhoma panaoneka mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Poyamba kunamveka tambala. Kenako: khrrrooo... fyuuu. Khrrrooo... fyuuu.

Mwa otsalawo munali katswiri wa nyimbo wa ku yunivesite, amene onse ankangomutchula kuti Dokotala. Anasendera pafupi ndi khoma, akuloza mizere ija.

"Lipenga limodzi lokha? Koma ndi lalikulu. Taonani kapumidwe kake, sakuphonya ngakhale pang'ono. Ng'oma zilowa pati, bambo?"

"Zikubwera," ndinayankha.

Bambo wa shuga uja anati kwawonso kuli lipenga lolira chonchi, koma limasowa. Dokotala anapempha kuti akweze sipika. Anakweza. Holo yonse inanjenjemera, ndipo aja anandithawa anayamba kubwerera mmodzimmodzi, mwa lamulo lomwe lija la miyendo. Ine thukuta linali litadutsa kale malaya n'kufika pa jekete, chifukwa tambala uja ndinamuzindikira. Anali ndi kalilidwe kake kosamaliza. Tinamudya pa Khirisimasi.

Ndisanatambasule dzanja kuti ndizimitse, kunamveka kuseka kwa munthu wodzigwira pakamwa, kenako mawu a amake Lusayo, pafupi penipeni ndi foni:

"Mwapulika, aHedi? Mwadzimvera nokha? Inu mumati simuliza mkonono. Awa ndi mapenenga a pa khonde pathu, masanasana, olowa ulere. Gulu lonse ndi munthu mmodzi!"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Mawu amene ndinakhala ndikuwathawa nthawi yonseyi anali atadzaza chipinda chonse, ndipo sankaimba nyimbo ya maliro, ankandiseka. Ndinatulutsa kansalu m'thumba. Chimene chinatuluka pakhosi panga sindichidziwa dzina, koma Tusekile akuti kunali kuseka, ndipo ndavomera kuti zikhale choncho. Anthu ataona zimenezo anamasuka, ena mpaka kugwira m'mimba.

"Pole, mzee," anatero wa kutsidya uja, kundipepesa m'chilankhulo cha kwawo, akupukuta m'maso.

Dokotala sanagonje. "Mfundo yanga ikhalabe. Kapumidweko ndi ka katswiri."

Masana onsewo palibe ananyamukanso. Nyimbo zonse anazikopera m'malo angapo, kuti foni ikafa zisafere limodzi. Anandionetsa kalembedwe kake: woimba ndani, anaimbira kuti, m'chilankhulo chanji. Pulofesa woloza miyendo uja anapezeka kuti Chinkhonde amachidziwa bwino, ndipo anakhala pambali panga tikumasulira nyimbo zokololera mpunga. Tayi ndinali nditaiika m'thumba.

Titafika pa Mapenenga, Tusekile anaimitsa zala pa laputopu.

"Apa woimba tilembe ndani, adada?"

"Lembani kuti sakudziwika."

Ndipo ndi mmene zalembedwera. Ine mpaka lero ndimakana; pa khonde paja pamadutsa anthu ambiri. Koma ndalumbira kuti sindidzatamandanso nyimbo pagulu ndisanaimve ndekha, ndipo ku msonkhano wopanda pulogalamu sindidzakhalanso pa tebulo la nsalu yoyera. Nyimbo za amake Lusayo ndayamba kuzimvetsera, imodzi patsiku, masana, pa khonde pomwepo. Ndimayesetsa kukhala maso.