Bokosi la Apongozi ndi Ulendo Wathu wa Kumapiri

Mpaka lero kumudzi kwa amuna anga, kumapiri kumtunda kwa Ngala, kuli anthu amene akandiona amayamba aseka kenako n'kupereka moni. Ndinawakhululukira kalekale. Koma tsiku limene ndikufuna kukusimbiranili kunalibe woseka, ndipo ndikalikumbukira thupi limandichitabe tsemwe.

Nkhaniyi inayamba ndi mawu a apongozi anga, aNabanda. Ife timakhala ku Dwangwa, kumene amuna anga, bambo a Tadala, amagwira ntchito m'fakitale ya shuga. Ana athu atatu kwa agogo awo sankakudziwa. Tadala anapitako ali kumsana, pamene Chisomo ndi Yamikani anali asanapondeko n'komwe. Tsiku lina apongozi atabwera kudzationa, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Inu akunyanja ana mwawaumira. Zidzukulu zangazi zidzafika kwathu pamaliro basi."

Mawu amenewo anandikhala ngati munga wa nsomba pakhosi. Ndinagwada n'kulonjeza Ambuye kuti tchuthi chachikulu chikafika, ana amenewa akagona m'nyumba ya agogo awo, onse ali moyo ndiponso akuseka.

Kukonzekera ndinayamba mu Meyi. Kumapeto kwa kope lakale la Chisomo ndinalemba zonse zofunika: majuzi a pakaunjika chifukwa kumapiri kumazizira, mabulangete, mankhwala a mutu, mpunga wa kwathu ku Chia, usipa wouma, shuga, ndi makapu agalasi oti apongozi azinyadira nawo pamaso pa anzawo. M'mawa uliwonse ndinkaliika kopelo pa Baibulo n'kulipempherera. (Ndinapempherera chilichonse, ngakhale matayala a galimoto. Nzeru zanga zokha ndi zimene ndinaiwala kuzipempherera.)

Bambo a Tadala sakanatha kunyamuka nafe, poti inali nyengo yogaya nzimbe. Anati adzatitsatira Loweruka.

"Koma amayi muwaimbire foni adziwe," anatero.

"Ayi," ndinakana. "Ndikufuna akadzidzimuke."

Kudzidzimuka anadzidzimukadi.

Katundu yense ndinamulonga m'bokosi lathu lalitali lamatabwa, limene timasungamo zofunda. Pofuna kuti fumbi lisalowe, ndinalifunditsa nsalu yoyera ya pabedi, yatsopano, imenenso inali mphatso ya apongozi. Ana ndinawaopseza kuti aliyense wokhalira bokosilo n'kuswa makapu adzandidziwa bwino. Ine ndinavala yunifolomu yanga ya azimayi a mpingo, duku loyera kumutu, kuti kumudziko akaone kuti mwana wawo anakwatira munthu wopemphera.

Galimoto inali kapikiapu ka Che Saidi, bambo wachikulire amene amanyamula nsomba, ndipo tsikulo ankapita mbali yomweyo kukatenga chinangwa. Titakwera kumbuyo ndinaona kuti dzuwa liwotcha ana, makamaka Yamikani amene sachedwa kutuluka kamfuno. Ndinathyola nthambi za mango zamasamba obiriwira n'kuzimangirira kuzitsulo, zina m'mbali, zina kutsogolo pamwamba pa mutu wa galimoto. Che Saidi anayang'ana nthambizo, anayang'ana bokosi, anayang'ana ine. Anatsegula pakamwa, kenako n'kutseka.

"Bismillah, tiyeni," anangotero.

Tsopano inu amene mukuwerenga mwaona kale chimene ndinapanga. Ine sindinaone. Munthu ukakhala m'kati mwa chinthu, maso ako amakhala pa ana ndi pa makapu.

Titangolowa mumsewu waukulu ndinayambitsa nyimbo, monga ndimachitira pa ulendo uliwonse. Ndinasankha ija yapang'onopang'ono, yonena za ulendo wopita kwathu kumene kulibe misozi, chifukwa ndi yokhayo imene ana onse amaidziwa. Tadala anali atadzifunditsa chitenje kumutu kuopa fumbi. Yamikani ankalira chifukwa tinamuiwalira mpira wake.

Chodabwitsa choyamba chinachitika pa kamsika kena. Panali phokoso la malonda, koma titangofika linazima ngati wina wathimitsa wailesi. Bambo wina amene ankapalasa njinga anatsika, navula chipewa. Mayi wogulitsa tomato anaimirira n'kugwira pachifuwa. Ndinatembenuka kuti ndione chimene chikubwera kumbuyo kwathu. Msewu unali mbee, wopanda kanthu.

Pamalo pamene apolisi amaimitsa magalimoto, wapolisi sanafunse kanthu. Anachotsa chotchinga mwakachetechete n'kuima chilili, maso pansi, mpaka tinadutsa.

"Amayi, anthuwa akutiyang'aniranji choncho?" anafunsa Chisomo.

"Imba, mwanawe, imba," ndinayankha. Mumtima ndinali nditayamba kuopa. Ndinkaganiza kuti anthuwa akuona chinthu chimene ife sitikuchiona, mwina chatikwera m'galimoto. Ndinakweza mawu. Mantha akandigwira mawu anga amanjenjemera, choncho nyimbo ija inamveka yachisoni kuposa kale.

Tinasiya tala n'kuyamba kukwera mapiri. Nyanja inatsala m'munsi, dzuwa linabisala, ndipo nkhungu inatsika m'mitengo ngakhale unali usana. Kunazizira. M'njira monse zinali zomwezo. Azimayi ochokera kotunga madzi ankapatukira m'tchire n'kugwada. Ana osewera ankathawira kuseri kwa nyumba. Palibe anatibayibitsa, palibe anakuwa kupempha kukwera. Wanjinga yamoto wina anatipeza, anandiyang'anitsitsa kumaso, anayang'ana bokosi, n'kuthamanga kutsogolo mpaka kuzimirira m'nkhungu. Ndinkamudziwa pang'ono, anali wa kumudzi kwa amuna anga. Moni sanandipatse.

Tisanauone mudzi, tinaumva. Kulira kwa azimayi kunkatsika m'phiri, kutalikutali, kukwera ndi kutsika.

Ndinati basi, apongozi atisiya. N'chifukwa chake anthu amatimvera chisoni m'njira monse, uthenga unawafika ife tisanaumve. Mawu awo aja akwaniritsidwa: zidzukulu zafikadi pamaliro. Ndinagwira mutu n'kuyamba kulira mokweza, "Mayo ine! Ndachedwa ine! Ndachedwa!" Ana ataona mayi wawo akulira, onse atatu anayamba kubuma. Tinalowa m'mudzi choncho, ndi nthambi zathu ndi bokosi lathu.

Azimayi anandithandiza kutsika, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ndinkalira, iwo ankalira. Ndiye pakhomo pa nyumba, m'nkhungu muja, panatuluka munthu wopanda duku, tsitsi loyera lili nyankhalala, manja atatambasula, akubwera kwa ine. Anali aNabanda.

Abale anga, ndinakuwa. Sindinakuwepo choncho chibadwire. Ndinatchula dzina la Yesu katatu n'kubisala kumbuyo kwa mayi wina wonenepa. Koma wakufa uja anandigwira mkono, ndipo dzanja lake linali lofunda.

"Mwana wanga Lemekezani!" analira apongozi. "Makina amudya kodi? Mwandibweretsera m'bokosi mwana wanga!"

Lemekezani ndi dzina la bambo a Tadala.

Ndisanamvetse bwino, azibambo anayi anali atatsitsa bokosi lija mwaulemu, akuyenda nalo pang'onopang'ono kulowa m'nyumba. Makapu analira pang'ono m'katimo, azimayi n'kuwonjeza kulira. Amalume awo a amuna anga anandiyandikira atagwira chipewa m'manja. Ananunkhiza mpweya, nkhope n'kugwa.

"Mayi, pepani," ananong'ona. "Zachitika liti? Chifukwa mmene kukumvekeramu, sitingadikire mawa."

Unali usipa.

Pamenepo maso anga anatseguka. Ndinaona nthambi zobiriwira pagalimoto, nsalu yoyera, yunifolomu yanga, ana otupa maso. Ndinathamangira m'nyumba ndikukuwa kuti, "Ali moyo! Ali moyo!" n'kukoka nsalu ija, n'kutsegula chivundikiro. (Musadzayerekeze kukuwa mawu amenewo mukutsegula bokosi pamaliro.) Anthu anatulukira pakhomo onse nthawi imodzi. Bambo wina anadutsira pawindo. M'nyumba tinatsalamo atatu: ine, apongozi, ndi usipa.

ANabanda anasuzumira. Anatulutsa juzi ya Yamikani, anatulutsa kapu, anatulutsa thumba la mpunga. Anapitiriza kufufuza mpaka pansi.

"Nanga mwana wanga mwamusiya kuti?"

"Ali kuntchito, amayi. Abwera Loweruka."

"Bodza. Mukundibisira chifukwa cha mtima wangawu."

Anakhala pansi akupuma movutika, dzanja lili pachifuwa, ndipo apa mantha anga anali enieni. Ndinapempha Mulungu kuti mayiyu asafe ndi mphatso zanga. Foni kumudziko imagwira pamwala umodzi wokha, pamwamba pa mudzi. Tinakwera nawo apongozi, ine ndi amalume aja titawagwirizira, khamu likutitsata. Ndinaimba foni. Foni ya bambo a Tadala inali yozima, poti m'fakitale salola mafoni. Anthu anayang'anana. Kulira kunayambiranso chapansipansi.

Tinakhala pamwalapo pafupifupi maola awiri, m'nkhungu. Ana anadzipanikiza kwa agogo awo chifukwa cha kuzizira, ndipo agogowo anawafunditsa chitenje chawo osadziwa n'komwe kuti akutero. Itangokwana nthawi yoweruka, foni inalira.

"Mwafika bwino?" anafunsa amuna anga mosangalala. "Amayi adzidzimuka?"

Apongozi analanda foni. "Lemekezani! Ndiwe? Tatchula dzina la galu amene unali naye uli mwana!"

"Amayi, mwatani kodi? Anali Sautso."

ANabanda anaseka ndi kulira nthawi imodzi, kenako anayamba kumukalipira chifukwa chosabwera kwawo zaka zonsezi. Apo ndinadziwa kuti achira.

Koma uthenga wa wanjinga yamoto uja unali utafika kale midzi itatu. Anthu ankabwerabe, azimayi atasenza nkhuni ndi ufa, ndipo achinyamata ena anawabweza ali ndi makasu m'njira ya kumanda. Munthu wobwera kudzalira sungamubweze ndi njala. Mpunga wanga wa ku Chia ndi usipa wa miyezi itatu zinatha tsiku lomwelo. Abusa a kumeneko anati poti anthu asonkhana kale, tingochita mapemphero othokoza, ndipo ine anandiika kutsogolo kuti aliyense andione bwino.

Che Saidi ndinawapeza atakhala pakhonde akumwa tiyi m'kapu yagalasi ya apongozi.

"Che Saidi, inu simunaone?"

"Ndinaona tisananyamuke, mayi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimati ndinene. Koma zaka zonse ndayendetsa galimoto ya nsomba, palibe anandivulirapo chipewa. Ndinati ndilaweko."

Tinakhala kumapiriko milungu iwiri, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha tsiku lililonse. Ana anaphunzira kukumba mbatata ndi kuloza nyanja yathu kuchokera pamwala wa foni uja. Loweruka bambo a Tadala atafika, mudzi wonse unabwera kudzawagwira mkono, ena kuwatsina kuti atsimikize. Tsiku lobwerera apongozi anandiperekeza mpaka kumsewu atabereka Yamikani, ngakhale ndi wamkulu woti n'kuyenda yekha.

"Apongozi," anandiitana, "ine ndinangonena kuti ana adzabwera pamaliro. Sindinati mubwere nawo malirowo."

"Pepani, amayi."

"Chaka chamawa mubwerenso. Bokosi musiye."

Chaka chino tikupitanso. Ndaimba kale foni kawiri, katundu ndalonga m'matumba, ndipo ana ndawagulira zipewa m'malo mwa nthambi. Koma nyimbo ija sindingaisiye, chifukwa msewu wa kumapiri umandiopsabe. Ndangowauza ana kuti tiziimba mofulumira, uku tikuomba m'manja.