Mmene Ndinavinira ku Uphungu

Nkhani iyi ndiinene ndekha, chifukwa akainena akazi anga amathira mchere wambiri. Manyazi ake, mpaka lero ndikamadutsa pa Mzimba boma ndimatsitsa chipewa.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimacheka matabwa ku Viphya, ndipo ndinakwatira konkuno, NyaJere wa ku Embangweni. Mkazi wabwino, koma akanena wanena. Tsiku lina nditatsokomola mpaka nkhuku kuthawa pakhonde, anatulutsa chikwama chake n'kuchiika pakhomo.

"Awiske Tiwonge," anatero, ndiye kuti bambo a Tiwonge m'Chitumbuka chakwawo, "sankhani. Fodya kapena ine."

Ndinasankha iwo, ndithu. Ndinalumbira kuti ndudu zonse ndataya m'chimbudzi. Zonse, kupatula zochepa za emergency zimene ndinkayenda nazo m'sokosi.

Chifuwa sichinaleke, ndiye NyaJere anapeza mayi wina wa uphungu ku boma, wothandiza anthu kusiya fodya. Ati amachita hypnosis. Ndinafunsa mnzanga Gondwe kuntchito kuti chimenechi n'chiyani.

"Amakugoneka, n'kumayankhula ndi za m'kati mwako," anatero Gondwe. "Mbwenu vimbuza basi, koma vya chizungu. Za m'katizo zikamva, umagwa."

"Nanga ukapanda kugwa?"

"Ndiye kuti mtima wako wakana. Sukufuna kuchira."

Vimbuza ndinaonapo kwa apongozi: ng'oma kulira, wodwala kunjenjemera, kuvina mpaka mizimu itayankhula. Ndinadziuza kuti zivute zitani, ine ndikagwa. Chikwama chija chinali chikadali pafupi ndi chitseko.

Titafika, NyaJere anatsala pabenchi panja. M'katimo munalibe ng'oma. Mpando wofewa, tebulo, duwa lapulasitiki. Mayi aja anandifunsa kuti ndimasuta nthawi ziti, kenako anafotokoza bwinobwino zimene zichitike. Ine sindinamve kanthu. Ndinali busy kuyeza simenti ndi maso, kusankha pogwera posapweteka.

"Tsinzinani, bambo. Pumani pang'onopang'ono. Ganizirani malo amene mumapezako mtendere."

Ndinatsinzina. Malo amene anabwera ndi kuseri kwa mulu wa matabwa kumene ndimasutira.

Ndinadikira kuti chindigwire. Ayi. Ndikumva njinga zamoto pamsewu, mayi wa mandasi akuitana makasitomala, NyaJere akuyankha foni panja. Mantha anandigwira m'malo mwa mizimu. Ndituluke muno osagwa, ndikamuuza chiyani mkazi? Komanso mayi aulemu chonchi, ndiwachititse manyazi kuti mankhwala awo sagwira?

Ndinayamba ndi phewa limodzi. Kenako bondo.

"Thupi lanu likumasuka," anatero mayiwo, mawu ofatsa.

Ndinati eya, zayamba kuwasangalatsa. Ndinawonjezera phewa linalo, ndi kubuula kwa pansi pamimba. Ndinatsetsereka pampando, kugubuduka kamodzi, n'kudzuka ndi gule wathunthu. Tsono mizimu imayenera kuyankhula, ndipo ndinaganiza kuti ya kuno siingayankhule Chichewa cha ku Ntcheu. Vuto, Chitumbuka changa ndi cha moni basi.

"Monire mose! Yewo chomene! Muli uli!"

"Bambo, mumadwala khunyu?" Mawu ofatsa aja anali atathawa. Ndinamva chitseko chikutseguka. "Mayi, lowani msanga, amuna anu!"

Nditadziwa kuti NyaJere walowa, ndinaika giya yomaliza. Aone yekha kuti mwamuna wake akufuna kuchira! Ndinaponda simenti ndi mwendo wamanja, di, di, di, thukuta kamukamu, lastiki ya sokosi n'kugonja.

Gule anathera pomwepo.

Ndinatsegula diso limodzi. Ndudu zinali mbwee pasimenti, imodzi ikugubudukabe mpaka inakaima pa nsapato ya NyaJere. Bokosi la machesi linatsatira pambuyo.

"Bambo," anatero mayi a uphungu akupuma mwabefu, "kuno munthu sagwa. Mumangokhala pampando, mukumva zonse, mukafuna kutsegula maso mumatsegula. Si ndinakuuzani poyamba paja?"

Ndinalakalaka simenti ija itang'ambika ndilowemo. Ndinayang'ana NyaJere, ndikudziwa kuti basi, chikwama chanyamuka. Iye anatola ndudu imodziimodzi, osafulumira, n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Kenako anapinda maondo mwaulemu kwa mayi aja.

"Amama, yewo chomene. Asing'anga kwathu amatulutsa singano ndi tsitsi m'thupi la munthu. Koma fodya wokulungakulunga, ndi machesi ake omwe, sindinaonepo. Tibweranso sabata yamawa, adzavine mwendo winawo."

Ndipo sanalakwe, mwendo winawo unalinso ndi katundu. Ndinaupereka ndekha tisanafike pa depoti, chikwama n'kubwerera pansi pa bedi.

Abale anga, munthu wobisa katundu m'sokosi asamayambitse gule.