Mpira Womangirira M'chiuno

Inu, sunthirani kuno, minibasiyi sibwera msanga. Mukundiona ngati telala wamba, eti? Dziwani kuti munthu mwakhala naye pabenchiyu anaphunzitsapo mpira mpaka bwalo lonse linabalalika.

Zinayamba ndi mwana wanga wachisamba, mtsikana amene mpira unamulowa m'magazi. Tsiku lina anafika kushopu nkhope ili ndwii.

"Ababa, akochi akuti kumapeto kwa mwezi asankha timu ya atsikana. Akuti wosadziwa kudoda asavutike n'kubwera."

Kudoda, kwa inu osatsata mpira, ndi kuja kuumenya ndi phazi, bondo, ngakhale mutu, osaulola kugwa pansi. Mwana wangayo akangougunda kamodzi, mpirawo unkayamba ulendo wake. Nditaona misozi italengeza m'maso mwake mtima unandiwawa zedi. Koma vuto langa ine ndi pakamwa.

"Ukulilira zimenezo? Ine paunyamata wanga ndinkadoda kuchokera kunyumba mpaka kusukulu, n'kulemba mayeso mpira udakali m'mwamba!"

Mayi ake, amene ankasita diresi la kasitomala pakona, sanadzutse n'komwe mutu. "Bambo, mpira wokha umene ndakuonanipo nawo ndi umene mwabisa m'malayamo."

Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. M'mawa mwake unanditsatadi. Mwana anabwera ndi chigulu cha anzake, aliyense mpira wake kukhwapa, akuti adzaone katswiri. Ndinawatengera kuseri kwa shopu, ndinaponya mpira m'mwamba, n'kukweza mwendo mwaukadaulo. Mpira sindinaukhudze. Chimene chinamveka ndi thalauza langa, kuti kwee, msoko wonse wakumbuyo. Thalauza losoka ndekha, inu! Ana anagubuduka ndi phwete.

"Limenelo ndi phunziro loyamba," ndinatero nditatsamira khoma. "Osasewera mpira ndi chovala chothina."

Phunziro lachiwiri linatikanika. Kuseri kwa shopu kuli ngalande ya madzi oipa, ndipo mipira yonse inkathamangira komweko ngati yaitanidwa. Mwana amenye kamodzi, n'kukatha nthawi yaitali akuvuula mpira ndi ndodo, mphuno atatseka. Masiku ankatha, kudoda osaoneka.

Tamverani tsopano nzeru za telala. Ndili pamakina, ndikulowetsa lasitiki m'chiuno mwa kabudula wa sukulu, ndinaima. Lasitiki ukamukoka amabwerera! Ndinadula neti yakale ya udzudzu, n'kusoka timatumba toti mpira uzilowamo, kathumba kalikonse ndi lasitiki wake womangirira m'chiuno. Ndinayamba kuyesa ndekha. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mpira unabwereradi, n'kundipeza pamalo oti sindingatchule pano poti pali amayi. Ndinagwada pansi kanthawi ndithu. Anawo ndinawauza kuti ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha nzeru.

Koma zinayenda, inu! Mpira osagwanso pansi. Ana anatulukira kuti ukamenya kwambiri umabwera msanga, ndiye ankamenya ngati akukwiyira munthu. Odutsa ankaima n'kumawomba m'manja. Ine ndinkayendayenda manja kumbuyo, tepi yoyezera ili m'khosi ngati wezulo, ndipo mwana wanga ankandiyang'ana monyadira moti ndinkaiwala ndi njala yomwe.

Mayi ake okha ndiye ankandiwonongera. "Kodi bambo, tsikulo akochi adzalola zingwe zanuzi?"

"Mayi, phazi likazolowera silifunsa chingwe."

"Mwambi umenewo ananena ndani?"

"Akuluakulu."

"Akuluakulu ake ati?"

Ndinapondaponda makina mwamphamvu kuti ndisamve.

Tsiku litafika, bwalo la sukulu linadzaza ndi makolo. Ine ndinavala jekete n'kuima patsogolo penipeni, ndikuuza aliyense kuti mzere uwo ndi ophunzira anga. Akochi, munthu wamfupi wosaseka, anawandandalika ana, aliyense mpira m'manja, opanda lasitiki. Analiza wezulo.

Abale anga! Kunamveka ngati mfuti. Mpira wina unatera padenga la kalasi. Wina unalowa pawindo la ofesi ya ahedi, ndipo windolo linali lotseka. Wina unaphulitsa dengu la mayi wogulitsa nthochi, wina n'kuchotsa chipewa pamutu pa akochi eni ake. Makolo anathawa atagwira mitu. Nanga ophunzira angawo? Anangoima phee, mwendo uli m'mwamba, kudikira kuti mipira ibwerere!

Wa mwana wanga ndiye unanyanya. Unachoka pagolo ili, kudutsa bwalo lonse, kudumpha golo linalo, kudumpha mpanda, mpaka lero sitinauonenso.

Akochi anatola chipewa n'kuchikuntha pang'onopang'ono. "Ana awa wawaphunzitsa ndani?"

Zala zonse zinaloza ine. Panthawiyi n'kuti ndikuthandiza kutola nthochi, nkhope nditabisa m'dengu.

"Bambo, ntchito yanu ndi yotani?"

"Yosoka, akochi."

"Muzisoka."

Akochi anawauza anawo kuti adzabwerenso akaiwala zonse zimene ndinawaphunzitsa. Mwana wanga anayamba kulira mwakachetechete, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itandimeza, chifukwa ndinali nditamulanda chinthu chimene ankachifuna koposa. Koma akochi anaima patsogolo pake, akuyang'anabe kumpanda kuja.

"Iwe, kudoda sudziwa ngakhale pang'ono. Koma mwendo wotere sindinauonepo. Uzisewera kumbuyo. Mpira ukabwera, uzichita zomwe wachitazi."

Ndinalumpha, inu, ndikufuula kuti ndi ntchito ya manja anga! Pobwerera kunyumba mwana anandigwira dzanja mwachikondi, ndipo ndinkadikira mawu othokoza.

"Ababa, muzibwera kudzandionerera."

"Ndizibwera, mwana wanga!"

"Koma anthu akakufunsani, muzinena kuti ndinu oyandikana nafe nyumba."

Ndiye mukadzapita kubwalo Loweruka, mukadzaona bambo wina kuseri kwa golo akudumpha mpaka kutha mawu, akufuula kuti, "Menya, mwana wa aneba!" musadzandipatse moni.