Kulima Choko M'botolo

Lolemba

Pulani ya sabata ino: kulima choko m'botolo.

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzakane ndekha. Tadala, mwana wanga wa Fomu 3 ku Dedza, wauza a kalabu ya sayansi kusukulu kwawo kuti bambo ake amagwira ntchito ya panyanja ku Doha, kuno kudziko la Aluya. Sananame. Ndimaima panyanja maola khumi ndi awiri, pageti la maboti pachilumba chotchedwa Pearl, nditavala yunifolomu ya ulonda. Koma anzake amva kuti ndine wofufuza za m'nyanja, ndipo atandiuza pafoni sindinakonze. Ndangoti, "Eee, zili choncho." Pakamwa pangapa padzandipha.

Ndiye aphunzitsi ake apempha vidiyo, Lolemba likudzali aionetse kalasi yonse. Nkhani yake ndi ya tizomera ta m'nyanja timene timavala tizigoba ta laimu. Mwayi wake ndimadziwako. Pali mayi wina, dokotala wa za m'nyanja, amene amadutsa pageti panga ndi mabotolo a madzi. Tsiku lina akudikira dalaivala anandifotokozera:

- ndi tating'ono, diso silingatione
- tikachulukana, nyanja imayera ngati aithira mkaka
- timamwa mpweya wa kaboni ngati chimanga m'munda
- tikafa, tizigoba tija timamira, kaboni n'kukagona pansi zaka zosawerengeka, mapeto ake n'kusanduka choko

Choko! Ine ndinaphunzitsapo pulayimale, choko chinandiyeretsa zala mpaka thalauza. Timadziwana.

Zofunika: botolo, madzi a m'nyanja, dzuwa. Dzuwa kuno silipemphedwa.

Lachiwiri

Botolo ndalimanga kuchingwe cha nsapato. Ndagona chafufumimba pathabwa la maboti, ndikutunga. Supavaiza wandipeza choncho. "Yalla, yalla, dzuka msanga! Ukuwedza pa duty?" Ndati ndikuchita sayansi. Wandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Ndabisa botolo kuseri kwa kanyumba ka pageti, pamene dzuwa limamenya tsiku lonse, kuti tizomera tikule msanga. Poweruka ndalikhudza. Madzi afunda ngati tiyi wa wodwala.

Ku akomodeshoni, kumene timagona antchito, ndawaonetsa a Tembo, dalaivala wa ku Chipata amene amagona bedi lapansi pa langa. Aligwira, alibweza. "Ba Malawi, ivi mwaphika. Vafa kudala."

Imfa yoyamba. Tiyambiranso.

Lachitatu

Botolo lachiwiri ndatunga m'mamawa supavaiza asanafike. Lero lili pamthunzi.

Dokotala adutsa, ndawauza za pulani yanga. Andionjezera chimene sindinafune kumva: tizomerato tikamapanga tizigoba timatulutsanso mpweya wa kaboni womwewo. Ndiye timamwa, timabweza, kenako timamira ndi wotsala. Ndafunsa kuti nanga timathandiza kapena timaononga? Akuti, "Zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndikadali pantchito." Ha! Ndi khalidwe la alamu anga lenileni, amabwera kudzathandiza kukolola, pobwerera thumba lili pamutu.

Ndafika nalo botolo, ndaliika m'filiji kuti lisapse ngati lija. Filiji yake ndi ya amuna asanu ndi atatu, ndipo aliyense amamwera botolo la mtundu womwewo. Kulemba dzina sindinaganize.

Ndikusamba, ndamva kukuwa. A Tembo abwera ndi ludzu la tsiku lonse, apapira theka asanamve mchere. "Mufuna kunipaya? Nikafa mukauze bakazi banga ati ni sayansi?" Lotsalalo athira m'sinki, ine ndikuona.

Tadala watumiza uthenga wa mawu: "Adadi, anzanga akufunsa ngati muli ndi boti lanulanu." Ndaumvetsera katatu.

Lachinayi

Mulungu sagona!

Cha m'ma teni, pakona ya kumapeto kwa maboti, madzi ayera. Mbuu, ngati mkaka, ndendende mmene ananenera dokotala. Ndathamanga kusiya geti lokha. Tizomera tanditsata tokha mpaka pantchito!

Ndajambula madzi okhaokha, foni ndaiweramitsa kuti yunifolomu isalowemo. Ndatunga botolo lachitatu. Ndalembapo ndi inki yofiira: POIZONI, A TEMBO OSAKHUDZA.

Madzulo zoyera zadikha pansi pa botolo. Ndakumbukira za ku koleji ya uphunzitsi, kuti laimu ukamudontheza viniga amachita thovu. Ndabwereka viniga wa a Tembo, amene amathira pa chipisi. Ndatsanula madzi, ndadontheza pazoyerazo. Tswii, thovu! Ndavina ndekha m'khitchini.

Ndalembera Tadala liwu limodzi: "Zatheka." Wayankha ndi timitima tisanu ndi tiwiri. Ndawerenga.

Lachisanu

Ofu. Tsiku lojambula.

Wofufuza savala malaya wamba. Ndabwereka jekete loyera kwa mnzathu wa ku Ntcheu amene amaphika ku hotela. Mabatani ali mizere iwiri, koma ku Dedza ndani adziwe?

A Tembo agwira foni. "Muoneka monga mugulitsa nyama." Ndati ajambule, ndemanga tidzawafunsa.

Takajambulira panja kuti kuwale. Ulendo woyamba basi yadutsa. Wachiwiri thukuta lalowa m'maso. Wachitatu zayenda bwino, ndafotokoza zonse, mpaka za alamu anga, ndadontheza viniga, thovu latuluka. Ndati, "Ana inu, ichi ndi choko cha m'nyanja."

Ndiye a Tembo, ndi manja awo osakhazikika, atenga viniga uja. Akuti aone ngati nawonso ali asayansi. Adontheza pafumbi la nsapato yawo.

Thovu.

Pakamwala ka pakhomo. Thovu. Pakhoma la mpanda, pamwala wotsekera geti, thovu lokhalokha. "Ba Malawi, tuzomera twanu twafika na ku akomodeshoni!" Aseka mpaka kukhala pansi.

Ine sindinaseke. Ndabweza jekete.

Loweruka

Ndawadikira dokotala ngati mvula yoyamba. Afika, ndawapatsa botolo. Aligwedeza, aliyang'ana padzuwa, kenako andilozera kuseri kwa maboti. Amisiri akucheka miyala ya kanjira katsopano, fumbi lake akulitsuka ndi paipi, madzi oyera akutsetserekera pakona yanga ija. Masiku atatu ndakhala ndikumva makinawo, ndimangodandaula phokoso.

Ndalima fumbi la amisiri.

Dokotala sanandiseke kwambiri. Akuti dziko lonseli lakhala pamwala wa laimu, kalekale pano panali pansi pa nyanja, ndipo mwalawo ndi zigoba za tamoyo ta m'madzi tomwe tinafa n'kuunjikana. Thovu lija ndi kaboni amene anagona m'mwalamo, viniga wamudzutsa. Koma tizomera tamoyo, akuti, timafuna boti, nyanja yakuya ndi maikulosikopu. Ine ndili ndi tochi ndi wezulo.

Supavaiza waona botolo lili ndi mawu ofiira. "Khalas, zakwana! Ndikaonanso botolo pageti pano, lipoti." Walitaya yekha, atavala magolovesi.

Zotsala:
- vidiyo imodzi ya bodza, ya munthu wovala ngati wophika
- viniga pang'ono
- uthenga woti "Zatheka", umene sungabwezedwe

Ndikhoza kungotumiza vidiyoyo. Ku Dedza palibe angadziwe. Koma mwana wanga aimirire kutsogolo kwa kalasi n'kuphunzitsa anzake fumbi? Ndinali mphunzitsi ine. Manyazi andigwira, nkhomaliro sinalowe.

Lamulungu

Kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Pa buleki ya masana ndamuimbira Tadala pa vidiyo, atangochokera ku tchalitchi. Chipewa cha ulonda sindinavule.

Ndanena zonse mwakamodzi ndisanasinthe maganizo. Boti ndilibe. Sindine wofufuza. Ndimatsegula geti, ndimatseka geti. Choko sichinamere, ndipo a Tembo anamwa theka la kafukufuku.

Waseka. "Adadi, ndimadziwatu. Mukamaimba mumavula chipewa, koma baji imaoneka." Zaka ziwiri ndikuvutika kupinda khosi kuti ndibise baji imeneyo!

Ndafunsa za anzake. Akuti awauza yekha, si nkhani yanga. Chimene akufuna ndi mwala wa laimu uja, umene ndamuuza kuti tapondapo kuno. Akuti kalasi yonse palibe amene bambo ake amaima tsiku lonse pansi pa nyanja yakale. Ndayang'ana kumbali, ndanamizira fumbi kuti landilowa m'maso.

Basi, zatha choncho. Tizomera tili kwawo kunyanja yakuya, tikumwa ndi kubweza popanda ine. A Tembo avomera kujambula ndikaweruka, bola ndiwasiyire viniga wa chipisi. Kamwala ndatola pageti pomwepo, kali m'thumba.

Mawa Fomu 3 yonse iona mlonda akudontheza viniga pamwala. Yunifolomu yanga yachiwiri ndaisita, baji ndaipukuta.